Kuyeza Mankhwala Osokoneza Bongo Kuntchito: N'kofunika Liti, N'kolungama Liti?

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzayamba kuyenda ndi envelopu ya khaki kufunafuna ntchito. Ena adzalembedwa m'zipatala, ena m'makampani onyamula katundu ndi anthu, ena m'mafakitale ndi m'migodi ya ku South Africa. M'malo ena otere, musanapatsidwe desiki kapena yunifolomu, mudzapatsidwa kabotolo ndi kulozeredwa kuchimbudzi kuti mukatayemo madzi. Olemba ntchitowo akufuna kudziwa ngati mumasuta chamba kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ena osokoneza bongo.

Wophunzira amene sanalawepo mowa ngakhale fodya sachedwa kuyankha kuti, ayeze, ine ndilibe chobisa. Yankho limeneli ndi labwino, koma ndi loperewera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kuyeza kochitika mosasamala kumagwira ndi osalakwa omwe. Chachiwiri, ena a ife mawa tidzakhala tsidya linalo la tebulo, ndipo dzanja losayina kalata yochotsa munthu ntchito lidzakhala lathu. Choncho m'phunziro lino tiyankha mafunso awiri. Kodi bwana ali ndi chifukwa chanji chofunira mkodzo wa wantchito wake? Nanga kuyezako kuchitike motani kuti kukhale kwachilungamo?

Tsiku limene linasintha malamulo

Mchitidwe woyeza antchito unakula kwambiri ku United States m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani ambiri a m'mayiko ena anatengera komweko. Mu September 1986 Pulezidenti Ronald Reagan anasayina lamulo loti m'maofesi a boma musakhale ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Anthu ambiri ankaliona ngati la ndale chabe, mpaka patachitika ngozi ina patangotha miyezi inayi.

Lamlungu pa 4 January 1987, sitima yonyamula anthu ya kampani ya Amtrak inanyamuka ku Washington kupita ku Boston. Itafika pafupi ndi Chase, m'chigawo cha Maryland, mitu itatu ya sitima za katundu za kampani ya Conrail inadutsa chizindikiro choti iime n'kulowa pa njanji imene sitima ya anthu inkadzera. Sitima ya anthuyo inawomba mituyo ikuthamanga makilomita oposa 170 pa ola. Anthu 16 anamwalira, kuphatikizapo woyendetsa sitima ya Amtrak, ndipo oposa 150 anavulala. Atayezedwa, woyendetsa mitu ya Conrail ndi womuthandiza wake anapezeka kuti anasuta chamba. Woyendetsayo anakagwira ndende zaka zinayi.

Ngozi ina inachitika pa 28 August 1991 mumzinda wa New York, pamene sitima ya pansi pa nthaka inachoka pa njanji pafupi ndi Union Square ndi kupha anthu asanu. Woyendetsa wake anali ataledzera. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo loti oyendetsa ndege, sitima, mathiraki ndi mabasi, pamodzi ndi ena ogwira ntchito zimene zimakhudza miyoyo ya apaulendo, aziyezedwa mowa ndi mankhwala osokoneza bongo.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chenicheni choyezera. Munthu amene anakwera sitima ya ku Boston analibe mpata woona maso a woyendetsa mitu ya Conrail. Wodwala amene wagonekedwa tulo m'chipinda cha opaleshoni sangafunse ngati womupatsa mankhwala ali bwinobwino. Mayi amene wakwera basi ya usiku ndi mwana kumsana waika moyo wake m'manja mwa dalaivala amene sakumudziwa ngakhale dzina. Pa ntchito zotere, zimene munthu wasuta kapena kumwa zimasiya kukhala nkhani yake yekha. Lamulo lakale la pa Deuteronomo 22:8 linkauza womanga nyumba kuti amange kampanda kuzungulira denga, popeza anthu ankakhala padengapo ndipo wina akanatha kugwa. Mwini nyumba sankadikira maliro kuti amange kampandako. Kuyeza antchito a ntchito zoopsa kuli m'gulu la kampanda kotere.

Malire amene makhoti anaika

Mabungwe a ogwira ntchito za njanji sanangovomereza. Iwo anati kutenga magazi ndi mkodzo wa munthu popanda umboni woti walakwa ndi kumuchita chipikisheni mosaloledwa. Mlandu wawo unaweruzidwa ndi khoti lalikulu la dzikolo mu March 1989. Khotilo linavomereza kuti kuyeza mkodzo ndi chipikisheni ndithu, chifukwa kumalowerera za m'thupi mwa munthu. Komabe oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi anagamula kuti pa ntchito ya njanji chipikishenicho n'choyenera, popeza kulakwitsa kwa kamphindi kochepa kungaphe anthu ambiri.

Mu 1997 khoti lomwelo linaweruza mlandu wina wochokera ku chigawo cha Georgia, kumene kunali lamulo loti wofuna kupikisana pa maudindo ena a boma ayambe wayezedwa. Ulendo uno oweruza asanu ndi atatu anakana lamulolo. Anati panalibe umboni wa vuto lenileni pakati pa anthu a maudindowo, ndipo ntchito zawo sizinali zoika miyoyo pachiswe ngati ya woyendetsa sitima. Kuyezako kunali kongoonetsa kuti boma likudana ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo chifukwa chimenecho sichikwanira kuti munthu akakamizidwe kupereka mkodzo.

Tikaika zigamulo ziwirizi pamodzi tikupeza muyezo wothandiza. Funso loyamba lizikhala lakuti, munthu uyu akalakwitsa pa ntchito yake, avulale ndani? Ngati yankho lili lakuti apaulendo, odwala kapena anzake oima pafupi ndi makina, kuyeza kuli ndi maziko. Ngati yankho lili lakuti palibe, bwana afunika chifukwa china chomveka.

Zimene kabotolo kamanena ndi zimene sikanena

Ambiri amaganiza kuti munthu akapezeka ndi chamba m'mkodzo ndiye kuti anabwera kuntchito atasuta. Si mmene zilili. Mphamvu ya chamba imachokera ku mankhwala otchedwa THC. Thupi limaphwanya THC, ndipo zimene amayeza m'mkodzo ndi zotsalira zake. Kuledzera kwa chamba kumatha pa maola angapo, koma zotsalirazo zimakhalitsa chifukwa THC imasungika m'mafuta a m'thupi ndi kumatuluka pang'onopang'ono. Wosuta mwa apo ndi apo angapezeke nazo kwa masiku angapo, pamene wosuta tsiku ndi tsiku angapezeke nazo mpaka pafupifupi mwezi atasiya. Zotsalira za cocaine zimatha pa masiku awiri kapena anayi. Tsitsi limasunga mbiri ya miyezi pafupifupi itatu, pamene malovu amaonetsa za posachedwa, za tsiku limodzi kapena awiri.

Mowa ndi wosiyana. Kachipangizo kopumiramo kamaonetsa mowa umene uli m'thupi pa nthawi imeneyo, ndipo kuchuluka kwake kumayenderana ndi kuledzera kwa munthu. Mkodzo umanena za dzulo ndi dzana. Umboni wake ndi wakuti munthuyu anagwiritsapo ntchito mankhwala masiku apitawa. Sungatchule tsiku lenileni, ndipo sungatsimikize kuti m'mawa uno mutu wake sukuyenda bwino.

Palinso zimene kabotolo sikangaone n'komwe. Pa ngozi ya ku Chase ofufuza anapeza kuti wenzulo yochenjeza woyendetsa, imene inali m'mutu wa sitima ya Conrail, inali itamatidwa ndi tepi moti sinkamveka. Mituyo inalibenso chipangizo choimitsa sitima chokha woyendetsa akanyalanyaza chizindikiro, ndipo itachitika ngoziyo boma linalamula kuti sitima zonse zoyenda pa njanjiyo zikhale nacho. Dalaivala amene wayendetsa usiku wonse osagona adzapambana mayeso a mkodzo, koma tulo tingamugwetsere m'phompho. Kampani imene imayeza antchito ake koma osakonza mabuleki, kapena kumawagwiritsa ntchito maola opyola muyezo, yangokankhira udindo wonse kwa anthu apansi.

Pamene zotsatira zanama

Kuyeza koyenera kumachitika kawiri. Koyamba ndi kwa changu ndi kotsika mtengo, kawirikawiri ndi kapepala kamene amaviika m'mkodzo. Kapepalako kamazindikira mankhwala potengera kapangidwe kake, choncho nthawi zina kamasokonezeka ndi mankhwala ena ofanana nawo. Kuyeza kwachiwiri kumachitikira mulabotale ndi makina monga a GC-MS, amene amasiyanitsa mankhwala aliwonse paokhapaokha. Malamulo a boma la United States amati pa kuyeza koyamba kwa chamba mlingo ndi mananogalamu 50 pa mililita imodzi, ndipo pa kuyeza kotsimikizira ndi mananogalamu 15. Munthu satchedwa wopezeka nacho mpaka kuyeza kwachiwiriku kutavomereza.

Zitsanzo za kusokonezekaku zilipo zodziwika bwino. Njere za popi, zimene ku Ulaya ndi ku America amawaza pa buledi, zimachokera ku mbewu imene amapangira morphine. Anthu odya buledi wotere ankapezeka ngati ogwiritsa ntchito mankhwala a mtunduwo, moti mu 1998 boma la United States linakweza mlingo wake kuchoka pa mananogalamu 300 kufika pa 2,000. Mankhwala ena a chifuwa ndi opha ululu ali ndi codeine, ndipo amaonekera m'mkodzo ngakhale munthu anawalandira kuchipatala. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, wakhala akusokoneza mitundu ina ya kuyeza koyamba.

Chitsanzo chimene chikutikhudza kwambiri kuno kwathu ndi cha efavirenz. Ameneyu anali m'gulu la ma ARV amene Amalawi ambiri ankamwa asanabwere a dolutegravir, ndipo alipo ena amene akumwabe. Pa mitundu ina ya kuyeza koyamba, efavirenz amaoneka ngati chamba. Tiyerekeze mayi wina wa mpingo, amene sanagwirepo ndudu chibadwire, waitanidwa muofesi kuti afotokoze za chamba chimene chapezeka m'mkodzo wake. Kuti adziyeretse, ayenera kuulula kwa bwana wake matenda amene mwina sanauze ngakhale abale ake. Akakhala chete, ntchito yatha ndipo mbiri yaipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: labotale ikanatsimikizira zotsatirazo kaye, mayiyu sakanaitanidwa n'komwe.

Milandu itatu ya ku South Africa

Tsopano tibwere kufupi, ku dziko kumene abale athu ambiri amagwira ntchito. Pa 18 September 2018 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu sapalamula mlandu akasuta chamba kumalo obisika monga kunyumba kwake. Kuyambira pamenepo makhoti a zantchito akhala akulimbana ndi funso lathu lomweli.

Mu 2022 khoti la zantchito linaweruza mlandu wa amuna awiri a pa fakitale yopanga magalasi ya PFG Building Glass, amene anachotsedwa ntchito atapezeka ndi chamba m'thupi. Iwo anati chamba ndi chololedwa tsopano. Khoti linati kuchotsedwa kwawo kunali koyenera, chifukwa ankagwira ntchito pamalo a ng'anjo zotentha, gasi ndi makina olemera, ndipo lamulo la kampani ankalidziwa.

Mlandu wachiwiri unali wa mayi wogwira ntchito ya muofesi ku Barloworld Equipment, amene anachotsedwa mu 2020 pa chifukwa chomwecho. Iye ankagwiritsa ntchito chamba kunyumba akaweruka. Mu April 2024 khoti la apilo la zantchito linagamula kuti kuchotsedwa kwake kunali kosalungama, ndipo linalamula kuti apatsidwe malipiro a miyezi 24. Oweruza anaona kuti ntchito yake sinali yoyendetsa makina, panalibe umboni woti ankabwera mutu utasokonezeka, ndipo lamulo la kampani linkalowerera moyo wake wa kunyumba popanda kuteteza aliyense.

Wachitatu unali wa mowa. Wantchito wa kampani ya migodi ya Samancor Chrome anachotsedwa kachipangizo kopumiramo katasonyeza kuti wamwa. Iye anakana, anakayezetsa magazi, ndipo labotale sinapeze mowa. Mu 2023 khoti la zantchito linagwirizana ndi chigamulo chakuti anachotsedwa mosalungama.

Sitikunena kuti mayi uja ankachita bwino posuta chamba. Ambiri a ife tingamulangize kuti asiye, ndipo tingakhale ndi zifukwa zomveka za umoyo. Koma kulangiza mnzako ndi kumulanda chakudya cha ana ake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwirichi chimafuna umboni woti pali wina amene akuikidwa pangozi.

Ku Malawi kuno zinthu n'zosiyana pang'ono. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, koma kusuta chamba kudakali mlandu. Ngakhale zili choncho, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo kuntchito. Gawo 57 la lamulo la zantchito la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumuneneza.

Zizindikiro za kuyeza kolungama

Kuchokera pa zonsezi tingatole mfundo zisanu ndi imodzi zimene wantchito angafunse, ndipo bwana ayenera kukwaniritsa.

1. Lamulo lidziwike kale. Likhale lolembedwa, lofotokozedwa m'chilankhulo chimene antchito amamva, ndipo linene amene aziyezedwa, nthawi yake ndi chilango chake.

2. Kuyeza kugwirizane ndi ntchito. Oyendetsa galimoto, ogwira makina, osunga mankhwala m'chipatala ndi onyamula mfuti ali ndi chifukwa choyezedwera chimene kalaliki alibe.

3. Kusankha kusakondere. Ngati ndi kuyeza kodzidzimutsa, maina atuluke mwa maere, pa kompyuta kapena njira ina imene kapitawo sangaisokoneze. Ngati ndi kokayikira munthu, zimene zaoneka zilembedwe: kuyenda mopepesuka, kulankhula mosokonekera, fungo. Ma dreadlocks, maso ofiira kapena kukangana ndi bwana dzulo si umboni. Ndipo manijala amene amayendetsa galimoto ya kampani akhale m'maere momwemo.

4. Mkodzo usamalidwe. Ku United States wantchito wa zamaulendo amapereka mamililita 45, amene amagawidwa m'mabotolo awiri, la 30 ndi la 15, ndipo onse amamatidwa iye akuona. Lililonse likasintha manja, pamakhala kusayina. Zotsatira zikamuipira, ali ndi maola 72 opempha kuti botolo lachiwiri likayezedwe ku labotale ina. Mfundo ya pa Deuteronomo 19:15, yakuti mboni imodzi siikwanira kutsutsa munthu pa mlandu, ikugwira ntchito ngakhale mboniyo ikhale makina.

5. Pakati pa labotale ndi bwana pakhale dokotala. Iye ndi amene amve za mankhwala amene wantchito akumwa, ndipo kwa bwana apereke yankho lalifupi lokha. Mkodzo umene waperekedwa kuti ayeze chamba usagwiritsidwe ntchito kufufuza mimba kapena matenda ena.

6. Munthu amvedwe asanalangidwe. Kumuimitsa kaye pa ntchito yoopsa podikira zotsatira n'koyenera. Kumuchotsa asanayankhepo n'kuphwanya lamulo.

Nanga amene wapezekadi?

Pali amene zotsatira zake ndi zoona. Dalaivala wotere achotsedwe pa chiwongolero tsiku lomwelo, ndipo pamenepa palibe kunyengerera. Koma ngakhale malamulo okhwima a zamaulendo a ku United States anasiya khomo lobwererapo. Wopezeka amatumizidwa kwa katswiri wothandiza anthu a vutoli, amatsatira uphungu kapena chithandizo chimene wapatsidwa, amayezedwanso asanabwerere, kenako amayezedwa modzidzimutsa kosachepera kasanu ndi kamodzi m'miyezi 12 yoyamba. Kampani siikakamizidwa kumubwezera pa ntchito, koma njira ilipo.

Khomo limeneli limatetezanso apaulendo. Kumene kupezeka kumatanthauza kuchotsedwa basi, palibe amene amadziulula, ndipo anzake amamubisa pomvera chisoni ana ake. Kumene munthu angapite yekha kukapempha thandizo asanagwidwe, vuto limatuluka poyera ngozi isanachitike.

Ife amene timapewa mowa, fodya ndi chamba sitichita zimenezi poopa kabotolo, ndipo mwayi umenewu usatichititse kuuma mtima. Mukadzapatsidwa fomu yovomera kuyezedwa, iwerengeni musanasayine, funsani ngati zotsatira zimatsimikizidwa mulabotale, ndipo sungani mapepala a kuchipatala a mankhwala alionse amene mukumwa. Mukadzakhala bwana, yezani amene ntchito yawo ingaphe munthu, yambani ndi inu mwini, ndipo musasayine kalata ya munthu musanamumve. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana

1. Tchulani ntchito zitatu za pa koleji kapena pa chipatala zimene mukuona kuti ogwira ake ayenera kuyezedwa, ndi zitatu zimene sayenera. Mwasiyanitsa potengera chiyani?

2. Mnzanu wa kuntchito, amene amayendetsa basi ya ana asukulu, wakuululirani kuti amasuta chamba Loweruka ndi Lamlungu lokha. Mungamuuze chiyani, ndipo mungauzenso ndani?

3. Kampani ili ndi ndalama zogulira timapepala toyezera, koma ilibe zolipirira labotale yotsimikizira. Kodi iyeze, kapena isayeze? Ngati iyeza, zotsatirazo izigwiritse ntchito motani?